Makuponi a Kumwamba

Amalume anga, a Gideyoni Phiri, tinawaika m'manda mwezi wathawu, fodya ali m'zigafa. Pamaliro panayankhula anthu ambiri, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Kaputeni, ngati kuti ndi mmene ankawaitanira ali moyo. Bodza limenelo. Kuno kwa Chulu, kuyambira pamsika mpaka kudambo, munthu uja ankadziwika kuti a Kuponi, ndipo amene anawapatsa dzinalo sanawapatse mowakonda. Ine sanandipatse mpata woyankhula kumanda. Mkazi wolekera sukulu panjira, wa mwana wopanda bambo, anganene chiyani pamaso pa abusa? Ndiye ndangolemba.

Anali woyendetsa ndege. Ndikanena choncho anthu amaganiza za ndege zikuluzikulu zonyamula nduna. Ayi. Yawo inali kandege ka injini imodzi, ka esiteti ya fodya ya kumadzulo kwa mudzi wathu. Ntchitoyo anaiphunzira ali msilikali, ndipo atachoka kumeneko eni esiteti anawalemba kuti azikatenga zitsulo za mathirakitala ku Lilongwe ndi kunyamula mabwana nyengo ya okushoni. Bwalo la ndegelo linali la udzu, lalitali, lopanda mpanda. Ndege ikachoka, ana ankaseweramo mpira, ng'ombe zinkadyamo, amayi ankayanikamo mtedza. Pobwerera, amalume ankayamba aitana ku ofesi ya esiteti pa wailesi ya m'ndege, mlonda n'kutenga wezulo kukapirikitsa chilichonse chopuma.

Anali munthu wotopetsa, ndisaname. Chinthu chilichonse asanachigwiritse ntchito ankayamba achizungulira. Njinga yomwe, njinga yakapalasa, ankaizungulira, kufinya matayala, kugwedeza tcheni, kununkhiza pena, pomwe akungopita pamsika kwa a Jafali, Msilamu wa golosale amene ankasewera nawo bawo. A Jafali ankawaonera patali akuchita zomwezo ponyamuka.

"A Kuponi, kwerani. Njingayo siuluka."

"Siuluka, koma imagwa."

"Ikagwa mudzatiponyera chiyani? Mabuku anatha."

"Ndidzakuponyerani shuga wanu wosakanizayu, muthamangire nokha."

Ankatukwanizana choncho mpaka dzuwa kupendeka, kenako a Jafali n'kuwathirira tiyi.

Mawu awo anali ochepa, koma ankawabwereza mpaka makutu kuwawa. Ankati chinthu chikazima, usayambe ndi kufunsa chimene chachizimitsa. Yamba wagwira chimene chikadali kuyenda. Ankatinso pakamwa mpomaliza: manja ayambe, maso atsatire, kulankhula kubwere pambuyo pake ngati mpata ulipo. Nditabwerako kusukulu ndi mimba anandikhazika pakhonde n'kundiuza kuti kwa ine kwangothawa magetsi, injini ikadalipo. Ndinawayankha kuti ine sindine ndege yawo, maulaliki akasunge a Lamulungu. Tinatha dzinja lonse osayankhulana. Iwo ankangobwera, kusiya sopo ndi mtedza pakhomo pa amayi, kufinya matayala a njinga, n'kumapita.

Mlendo akabwera kutchalitchi kwathu ankadabwa ndi chinthu chimodzi. Pa benchi ya amuna, kufupi ndi zenera, pankakhala bambo wamtali wovala jekete lotuwa, atatsegula buku la nyimbo pamaso pake, akuimba mokweza kuposa onse. Ukasuzumira, m'bukumo munalibe tsamba ngakhale limodzi. Chinali chikuto chokha, chakuda, ulusi uli lendelende pakati. Anali amalume. Abusa anawagulirapo latsopano, anakana. Ine ndinawauza kuti akuchititsa manyazi banja, anandiyankha kuti nyimbo zawo zili kwa anthu, tsiku lina adzabweza. Kutsidya, pa benchi ya amayi, pankakhala mayi Nachisale, mkazi wamasiye wa kuseri kwa dambo, amene sanawapatsepo moni amalume kwa zaka zonsezo. Chikuto chija, dzina lija ndi mkwiyo wa mayi Nachisale zinabadwa tsiku limodzi, ndipo ine ndinalipo.

Zinali zaka zija makuponi a feteleza wotsika mtengo anali timapepala togawidwa pamanja ndi alangizi. Amene sanakhalepo kumudzi sangamvetse. Kapepala kaja kanali nkhokwe. Ukakapeza, ana adya chaka chonse. Ukakaphonya, pofika Januwale uli pa ganyu m'munda mwa mnzako, wako ukufiira. Anthu ankadana pa ubale chifukwa cha kapepala kaja, ndipo chaka chilichonse ankaperewera.

Chaka chimenecho amayi anga, mlongo wawo wa amalume, anawachita opaleshoni ya m'mimba ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Wowadikirira ndinali ine. Atawatulutsa, bala linali lisanapole, ulusi ukadali momwemo, ndipo namwino anatiuza mosabisa kuti mabampu a msewu wa kwa Chulu angathe kulitsegula. Amalume anali mumzindamo kudzatenga zitsulo. Anapempha kwa bwana wawo, anawalola. Amayi tinawagoneka pampando wa kumbuyo, ine ndinakhala kutsogolo pambali pa amalume. Kanali koyamba kukwera ndege, ndipo ndinali nditakwiya kale chifukwa anatiyimika padzuwa iwo akuzungulira ndege yawo, kusuzumira m'matanki, kununkhiza mafuta.

Tinawoloka Bua bwinobwino. Phiri la Kasungu tinalidutsa likuoneka ngati chulu cha m'munda. Pansi minda inali itagaulidwa, nazale za fodya zikubiriwira m'mphepete mwa madambo. Kumbuyo kwathu, chakummawa, mvula yoyamba inali itamanga mdima.

Kenako pa bolodi la kutsogolo panayaka kanyali kofiira. Amalume anakagogoda ndi chala. Sikanazime. Ndinamva fungo ngati la pulasitiki imene mwana waponya pamoto, ndipo posakhalitsa utsi unayamba kutuluka pansi pa bolodi, cha kumaondo anga.

Dzanja limodzi la amalume linakhalabe pa chiwongolero, linalo linapita pa swichi yofiira n'kuidina. Zonse zinafa nthawi imodzi. Wailesi imene inkalongolola m'makutu mwawo inangoti zii. Tinyali tonse tinazima. Singano zosonyeza mafuta zinagwera pansi ngati matanki aphulika.

"Achimwene," anatero amayi kumbuyo, "injini yazima?"

"Tamverani, mlongo. Chikulira kutsogoloko n'chiyani?"

"Ikulira."

"Ndiye gonani. Injini ili ndi moto wakewake, siupempha kwa batire. Kwangothawa magetsi, monga kuboma."

Ine ndinakuwa kuti ayatsenso, aitane anthu atithandize. Anandiyang'ana pang'ono n'kundiuza kuti chimene chakuwotcha suchiwonjezera nkhuni. Anatsegula kazenera ka mbali yawo, utsi unachepa, koma fungo silinachoke. Ndinati tibwerere tikatere pabwalo la kuboma. Analoza kumbuyo ndi chibwano. Phiri lija linali litasowa. Mvula inali itameza boma lonse ndipo inkatilondola.

Anayang'ana wotchi ya pamkono, milomo ikuyenda. Pambuyo pake anadzandiuza kuti ankawerengera mafuta pamtima, popeza anali atawaona ndi maso m'matanki tisananyamuke, nthawi ija ine ndinkang'ung'udza padzuwa. Njira ankaitsata ndi maso: msewu wafumbi, dambo, malata a tchalitchi, mizere ya zigafa. Anandiuza kuti ndiyese foni. Inalibe netiweki, monga mwa masiku onse kwa Chulu.

Titafika pamwamba pa esiteti, amalume anatulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa mkulu wa mpingo. Ndinasuzumira. Bwalo la ndege silinkaoneka. Panali anthu okhaokha, midzi yonse ya kuno, mzere wokhotakhota kuchokera pa tebulo la alangizi pansi pa mtengo mpaka pakati pa bwalo, njinga zili mbwee, ana, mbuzi. Alangizi anali atasamutsira kugawa makuponi pamenepo chifukwa bwalo la sukulu linachepa, ndipo a ku ofesi anavomera podziwa kuti ndege ikamayandikira amalume aitana pa wailesi. Wailesiyo ndi imene inali itafa.

Anatsitsa ndege, kudutsa pamitu pawo, akuipendeketsa uku ndi uku. Kulikonse padziko pano munthu akaona ndege ikutero amathawa. Osati kwathu, osati tsiku la makuponi. Kuyambira mmawa kunali mphekesera yoti makuponi achepa ndipo ena akubwera kuchokera ku likulu. Ataona ndege anati ndi amenewo. Azimayi anavula zitenje n'kumakupiza. Amene anali m'mithunzi anatulukamo kuthamangira pakati pa bwalo kuti akhale oyamba ndege ikaima. Titazunguliranso, anali atachuluka kuposa poyamba. Mlonda ndinamuona akuimba wezulo yake, palibe amene ankamumva.

Utsi unayambiranso. Waya ankanyekabe pang'onopang'ono kuseri kwa bolodi. Amayi anayamba kutsokomola, ndipo chifuwa chilichonse chinkawakoka bala. Nditacheuka ndinaona manja awo ali pamimba, chitenje chitayamba kuda.

"Terani pamsewu," ndinatero.

"Wokhota, ndipo uli ndi mitengo."

"M'munda."

"Mizere itigudubuza. Komanso timapiko tochepetsa liwiro potera timayenda ndi magetsi. Lero titera mothamanga. Ndikufuna bwalo lonse, kuyambira uko mpaka uko, popanda ngakhale mwana mmodzi."

"Ndiye tifa."

"Lusiya, pisa m'thumba la jekete langa."

Ndinapisa. Munali buku lawo la nyimbo, limene anapatsidwa tsiku la ukwati wawo ndi malemu azakhali.

"Mukufuna tiimbe? Mwapenga?"

"Ng'amba. Tsamba lililonse ulidule pakati, tikhale timapepala ting'onoting'ono. Fulumira, koma usagwetse."

Ndinang'amba. Kung'amba mabuku ndiye ndinkakudziwa. Ndinadzaza chitenje changa pamiyendo. Amalume anayang'ana utsi wa moto wa m'munda wina kuti adziwe kolowera mphepo, anapita nayo ndege mbali ya kudambo, kutali ndi bwalo, anaitsitsa kuti anthu aone bwino, n'kundiuza kuti nditsegule zenera langa.

"Ponya. Pang'onopang'ono, osati zonse pamodzi."

Timapepala tinatuluka ngati inswa. Tinabalalika m'mwamba, tikung'anima padzuwa, tikutsika mozengereza pamwamba pa minda ya kudambo. Ndinayang'ana pansi. Kwa kamphindi anthu anangoima, makosi ali m'mwamba. Kenako mzere uja unaduka. Sindinaonepo anthu akuthamanga chonchija. Amuna, amayi a ana kumsana, nkhalamba za ndodo, onse kudambo. Mlonda anataya wezulo n'kuthamanga nawo. Njinga zina anazikwera, zina anazikoka. Pabwalo panatsala udzu, nkhata ndi masilipasi.

Amalume anatembenuza ndege. Sanandiyang'ane, sanapemphere mokweza, sanatilimbikitse. Anangoti ndigwire amayi ndi dzanja limodzi. Pansi panabwera mothamanga kwambiri. Matayala anagunda, tinadumpha, anagundanso, ndege inathamanga bwalo lonse ikunjenjemera ngati ithyoka, inaponda dengu la munthu, n'kukaima mphuno yake itatsala pang'ono kupsompsona chulu cha kumapeto. Anazimitsa injini, anazungulira, ananyamula amayi m'manja ngati mwana kukawagoneka pamthunzi patali. Atatero ndi pamene anabwerera kukamasula batire ndi kuthira dothi pa mawaya. Bala la amayi linali litatseguka pang'ono m'mphepete. A zaumoyo a pa esiteti analimanga tsiku lomwelo.

Anthu anabwerako kudambo ali matope mpaka m'maondo, aliyense atafumbata timapepala. Ena anali atamenyana chifukwa cha ito. Odziwa kuwerenga anali atawerenga kale. Sindidzaiwala mmene anatizungulirira, osakuwa, akungopuma. Mzere unali utasokonekera, amene anali kumbuyo anali atathamangira kale pa tebulo, ndipo pofika madzulo makuponi anatha. Mayi Nachisale, amene anafika mmamawa n'kukhala kutsogolo kwenikweni, anabwerera kwawo opanda kanthu. Asanapite anaima pamaso pa amalume n'kuwaonetsa kapepala kawo.

"A Phiri, ndinathamangira feteleza, mwandipatsa nyimbo ya maliro."

"Pepani, mayi. Ndinali ndi wodwala."

"Inenso ndili ndi ana. Kapepalaka ndikasunga. Ndidzakuimbirani tsiku lanu."

Nkhani inafika ku bwalo la akulu a mpingo. Milandu inali iwiri: kung'amba nyimbo za Mulungu ndi kunamiza anthu. Ine ndinkafuna akawatukwane. Ndinawauza kuti akawafunse akuluakuluwo ngati akanakonda kutola mitembo m'malo mwa mapepala. Amalume anakana. Anakaima pamaso pawo n'kuvomera kuti ananama, ndipo sanamunamize munthu mmodzi koma midzi yonse, pogwiritsa ntchito njala yawo. Atafunsidwa ngati akulapa, anati akumva chisoni, koma atabwerera kumwambako angachitenso zomwezo, ndiye sakudziwa ngati kumeneko n'kulapa. Anawaimitsa pa ukulu kwa nyengo ndithu. Sanadandaule. Ine ndinaleka kupita kutchalitchi chaka chimenecho m'malo mwawo.

Mvula itakhazikika anakweza manyowa a m'khola lawo lonse pangolo n'kupita nawo kwa mayi Nachisale. Ine anandikakamiza kuwaperekeza. Mayiwo anatuluka, anayang'ana ngoloyo, anayang'ana amalume.

"Manyowa tsitsani. Moni wanu bwererani nawo."

Chaka chilichonse ankapititsa ngolo, chaka chilichonse yankho linali lomwelo. Ndinawafunsa kuti adzaleka liti kudzinyozetsa kwa munthu wosayamika. Anandiuza kuti ndisamale pakamwa: chaka chija ana a mayiwo anadya gaga, pamene ine ndinali ndi amayi anga amoyo, ndiye wosayamika ndani.

Amakaniko atabwera anapeza kuti makoswe ndi amene anatafuna mawaya. Mu shedi yosungira ndege a esiteti ankasungiramonso chimanga. Amalume anakangana nawo mabwanawo mpaka chimanga chinachoka, koma patapita zaka zochepa fodya atagwa mitengo ndege inagulitsidwa, iwo n'kubwerera kumudzi kudzalima ngati wina aliyense. Kuponi yeniyeni sanaifolerepo. Ankati akaima pamzere anthu aziyang'ana kumwamba.

Anadwala nthawi yochepa. Tsiku loika, mwambo uli mkati pakhomo, ndinaona mayi Nachisale akubwera ndi ndodo, atakalamba, mdzukulu atawagwira mkono. Anthu anayamba kunong'onezana. Ine ndinaimirira, ndinali wokonzeka kuwabweza. Anandidutsa ngati sindilipo, anakakhala pansi pafupi ndi bokosi, anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa kajumbo ka shuga. M'katimo munali kapepala kaja, kofiirira, kopindidwa mpaka kutha m'makona.

"A Phiri," anatero, "ndinalonjeza. Mwadzuka bwanji?"

Kenako anayambitsa nyimboyo. Mawu awo anali okalamba, ndipo kapepalako kanali ndi theka lokha la nyimbo, popeza tsambalo ndinalidula pakati ndine. Atafika podukapo anaima. Amayi anga ndi amene anapitiriza, ndipo khamu lonse linalandira.

Pobwera kumanda, anthu ena anayamba kundipatsa timapepala mwakachetechete, wina kuchokera m'Baibulo, wina m'chikwama cha ziphaso. Sindinkadziwa kuti anasunga. Womaliza anali a Jafali. Anatulutsa kawo m'thumba la mkanjo, osandiyang'ana kumaso.

"Inunso munathamanga, a Jafali? Mulibe ndi munda womwe."

"Ndinatseka golosale, mwana wanga. Ndinkati kuponiyo ndikagulitsa. Amalume ako ankandiseka nazo pa bawo mpaka mwezi watha."

Nyumba ya amalume tsopano ndi yotseka. Amayi amapita mmawa kukasesa pabwalo, ndipo akawerama amagwirabe pamimba pamene pali chipsera. Njinga yatsamira khoma, matayala aphwa, palibe woizungulira. Bwalo la ndege lija analigawa kwa matenanti, ndipo pamene matayala athu anagunda pali mizere ya fodya; chatsala ndi chulu chija chokha, chimene palibe amene wachigumula. Kutchalitchi, pa benchi ya amuna kufupi ndi zenera, anthu amakhala mopanikizana koma malo aja amawasiya. Ndinakaikapo chikuto chakuda chija. Timapepala tobwezedwa ndinatisokerera m'katimo ndi singano yosokera fodya. N'tochepa, sitikutsatana, ndipo palibe nyimbo imene ili yathunthu. Mphepo ikalowa pazenera timagwedezeka, ndipo ana a Sande sukulu amayang'ana.